Filimu Inapsa, Galasi Linatsala

Usiku wa pa 9 July 1937, kutakhala kotentha koopsa kwa masiku angapo, nyumba yosungilamo mafilimu a kampani ya Fox ku Little Ferry, m'cigawo ca New Jersey ku America, inabuka moto. Palibe munthu amene anauyatsa. Mafilimu a nthawi imeneyo anali kupangidwa ndi nitrate, cinthu cimene cikakalamba ndi kutenthedwa cimayaka cokha, ndipo cikayaka sicizima ngakhale mutaciviika m'madzi. Pofika m'mawa, mipukutu yoposa 40,000 inali phulusa lokha-lokha. M'phulusamo munali nchito yambili ya Theda Bara, mkazi amene zaka 20 m'mbuyomo anali kudzaza nyumba za baisikopo m'dziko lonselo. Iye anasewela m'mafilimu oposa 40, koma athunthu amene alipo lelo mungawawelenge ndi zala za manja, zala zina n'kutsalako. Pa filimu yake yaikulu, Cleopatra ya mu 1917, patsala tizidutswa cabe.

Moto wa ku Little Ferry sunali woyamba, ndiponso sunali wothela. Mu 2013 laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inatulutsa lipoti limene David Pierce analemba atafufuza kulikonse kumene mafilimu akale amasungidwa. Pa mafilimu aatali opanda mawu 10,919 amene America inapanga pakati pa 1912 ndi 1929, 70 pa 100 alionse anatayikilatu. Ena anapsa. Ena anawola okha m'zitini mpaka kusanduka phala lonunkha, kenako fumbi lofiila. Koma ambili anawonongedwa dala ndi eni ake. Mafilimu olankhula atabwela kuyambila mu 1927, mabwana a makampani anaona opanda mawu aja monga katundu wongodya malo, ndiye anali kuwatentha kapena kuwagulitsa kwa anthu ocotsamo siliva.

Cimene cinapulumuka n'cinthu cimene palibe anaganizapo zocisunga. Ndi kagalasi kokwana m'cikhato, masentimita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi. Ka ku Britain kanali ka masentimita 8 mbali zonse. Mukakaika pa thebulo kamaoneka kakuda, kopanda nchito. Mukakakweza ku dzuwa, nkhope ya munthu imatulukila ili m'mitundu yowala, dzina la filimu pamwamba, ndipo m'munsi muli kampata kolembapo tsiku. Pa Cizungu amakachula kuti slide. Ife tingoti kagalasi. Nchito yake inali ya masiku ocepa: kuuza anthu okhala mu mdima kuti mlungu wamawa kubwela filimu yakuti, kapena kuti nsapato zochipa zili m'sitolo ya pa kona. Mlungu ukatha, kanali kupita m'bokosi kapena ku dzala. Lelo pali anthu amene amatha zaka ndi ndalama kusaka timagalasi timeneti, ndipo pa mafilimu ambili otayika, kagalasi ndi imodzi mwa mboni zocepa zotsala zakuti filimuyo inaliko ndithu.

Kagalasi ndi kakulu kwa filimu ndi zaka zoposa 200. Makina ake, ochedwa magic lantern, ndi bokosi lokhala ndi nyale mkati ndi diso la galasi kutsogolo. Cithunzi cojambulidwa pa galasi cikalowa pakati pa nyale ndi disolo, cimaonekela pa khoma citakula. Wasayansi wa ku Holland, Christiaan Huygens, anali kuwadziwa kale makina otele ca m'ma 1659. Ndipo kuno kwathu anafika filimu isanabadwe n'komwe. Mu January 1854, David Livingstone ali kwa mfumu Shinde ya Alunda, kumtunda kwa Zambezi, anayatsa magic lantern yake n'kuonetsa cithunzi ca Abulahamu atakweza mpeni pa Isake. Malinga ndi zimene iye mwini analemba, pamene anakoka galasi kuti alicotse, mpeni unaoneka monga ubwela kwa oonelela, ndipo azimayi a pa bwalo la mfumu anathawa akukuwa. Nkhaniyi timaimva kwa Livingstone yekha, ndipo imakambidwa moseka. Koma taganizani: usiku, mlendo wosadziwika ali pa makina acilendo, cimunthu ca mpeni ciyenda pa khoma. Kuthawa pamenepo n'kucenjela. Ine ndikanathawa nawo.

Magalasi akale anali ojambulidwa ndi dzanja. Abale awili ocokela ku Germany amene anali kukhala ku Philadelphia, William ndi Frederick Langenheim, ndiwo anapeza njila yoika cithunzi ca kamela pa galasi la magic lantern, ndipo analembetsa njilayo ku boma mu 1850. Kagalasi ka baisikopo kanacokela kumeneko. Wojambula anali kukonza cithunzi ndi malemba pa pepala lalikulu, n'kulijambula ndi kamela, n'kusindikiza cithunzico pa galasi lopakidwa mankhwala. Cinali kutuluka cakuda ndi coyela. Mitundu inali kupakidwa ndi kabulashi, galasi limodzi-limodzi, ndipo nchitoyi kawili-kawili inali ya akazi amene maina awo sanalembedwe pa galasi lililonse. Kenako galasi lina loyela linali kuvundikila pamwamba kuteteza cithunzi, m'mbali n'kumata pepala lakuda. Pa kona imodzi anali kuikapo kadontho kosonyeza pogwila ndi cala cacikulu, cifukwa galasi limalowa m'makina cadodolido, mutu pansi, ndipo mu mdima n'kosavuta kuonetsa anthu nkhope yozondoka. Popeza anapaka ndi manja, magalasi awili a filimu imodzi safanana ndendende: apa dilesi n'lofiila kwambili, apo utoto wadumpha mzele n'kugwela pa khosi.

Nanga nyumba yoonetsa zithunzi zoyenda inafunilanji zithunzi zosayenda? Yankho lili pa makina. Mu June 1905, Harry Davis ndi John P. Harris anatsegula ku Pittsburgh kaholo kochedwa Nickelodeon, kolowa ndi masenti 5. M'zaka zitatu cabe timaholo totele tinali masauzande m'dziko lonse la America, tambili m'madela a anthu ogwila nchito m'mafakitale ndi alendo obwela kumene ocokela ku Italy, Poland ndi Russia. Anali masitolo akale osandutsidwa holo: mipando ya matabwa, mpweya wocepa, woimba piyano pa kona. Amene anakulila mu video show ya m'komboni sangasocele m'menemo. Pulojekita inali imodzi, yopukusa ndi dzanja, ndipo mpukutu umodzi wa mamita 300 unali kutha pa mphindi 15 kapena kucepelapo. Ukatha, woyendetsa makina anafunika kuucotsa, kuika wina, ndi kupisa filimu m'mano a makina. Filimu ikaduka, kumata. Nthawi yonseyi anthu ali mu mdima bii, ndipo gulu la anthu mu mdima silicedwa kuyamba mluzu ndi kuponda pansi. Conco opanga makina anaikilatu diso laciwili pambali. Woyendetsa anali kungokankhila nyale ku disolo, n'kulowetsa kagalasi, cinsalu n'kuwalanso. Kagalasi kanali kotseka anthu pakamwa.

Ena mwa magalasi oyambilila sanali kugulitsa kanthu. Anali kuphunzitsa mwambo. Library of Congress imasunga gulu la magalasi a mu 1912 opangidwa ndi kampani ya Scott & Van Altena ya ku New York, ndipo kuwawelenga kuli monga kuika khutu pa citseko ca holo. Lina lipempha azimayi kuvula zipewa, pakuti zipewa za nthawi imeneyo zinali zazikulu monga licelo, za nthenga ndi maluwa, ndipo wokhala kumbuyo anali kulipila masenti ake 5 kuti aonelele nthenga. Lina liuza anthu kuombela m'manja cabe. Lina liletsa kukamba mokweza ndi kuimba mluzu. Lina liti amene wina am'vutitsa akauze eni holo, ndipo sitifunika kuuzidwa kuti mu mdima uja ovutitsidwa anali ndani. Magalasi ena a nthawi yomweyo anali kuletsa kulavula pansi, popeza amuna ambili anali kutafuna fodya. Palibe amene amalemba lamulo loletsa cinthu cimene anthu sacita. Ndiye amene amaganiza kuti filimu yopanda mawu inali kuonedwa muli zii monga m'chalichi, magalasi awa am'tsutsa. Palinso lina lotsimikizila amayi ndi ana kuti muno simuonetsedwa zithunzi zolaula. Limeneli linali kuyankha mantha eni-eni: pa 24 December 1908, meya wa New York, George McClellan, anatseka maholo oposa 500 tsiku limodzi, atsogoleli a machalichi atadandaula za makhalidwe ndipo ena za ngozi ya moto. Mwini holo anali kudziwa kuti laisensi yake ili pa kaulusi.

Panalinso magalasi a nyimbo. Woimba anali kuimilila pafupi ndi piyano, magalasi 12 kapena kuposelapo akusintha mzele ndi mzele, lothela lili ndi mawu a kolasi kuti holo yonse iimbe. Mwambowu umachulidwa kuti unayamba mu 1894 ndi nyimbo ya The Little Lost Child, imene George H. Thomas anaikonzela zithunzi. Colinga ca osindikiza nyimbo cinali cakuti anthu akatuluka, nyimbo ili m'mutu, akagule pepala lake n'kukaiimba kunyumba. Ndiye kuti music video ndi nkhalamba kuposa mmene timaganizila. Mafilimu atayamba kutalika m'zaka za m'ma 1910, maholo akulu n'kugula mapulojekita awili kuti pasakhale mpata, magalasi a nyimbo anazilala.

Amene anakhalitsa ndi olengeza filimu yobwela. Kampani ikatulutsa filimu inali kutulutsanso katundu woilengezela: maposita, zithunzi zoika pa khomo, ndi kagalasi. Mwini holo anali kutenga zimenezi ku ofesi komwe anali kubwelekako filimuyo, ndipo kagalasi kanali pakati pa zochipa kwambili. Makampani monga Excelsior Illustrating Company ya ku New York anali kupanga timagalasi tambili-mbili, dzina lawo n'kulidinda pa pepala la m'mbali. Popeza filimu imodzi inali kuyenda tauni ndi tauni kwa miyezi, tsiku silinali kusindikizidwa. M'munsi munali kusiyidwa kampata kaja, ndipo wa pa makina anali kulembapo yekha ndi inki: pa Cinayi, pa Ciwelu masana, mawa.

Mtundu wina ndi wa amalonda a m'tauni momwemo: wogulitsa nyama, wometa, banki, wokonza galimoto. Makampani a magalasi anali ndi makatalogu a zithunzi zokonzeka kale, buledi wotentha, mkazi wovala cikhoti, ndi malo oikapo dzina ndi keyala ya sitolo. Mwini holo anali kulandila ndalama kwa wamalonda aliyense, ndipo adyela anali kuculutsa magalasi mpaka anthu kudandaula kuti alipila kuti aone filimu, osati mitengo ya sopo. Imodzi mwa makampani otele inali Kansas City Slide Company ya A. V. Cauger. Kuciyambi kwa 1920 inalemba nchito mnyamata wojambula wa zaka 18 amene kabizinesi kake koyamba kanali kusayenda. Mnzake Ub Iwerks anam'tsatila posacedwa. Kampaniyo inali itayamba kupanga timafilimu tamalonda ta zidole za mapepala, ndipo inasintha dzina kukhala Kansas City Film Ad Company. Mnyamatayo anaphunzila kumeneko kuyendetsa zojambula. Dzina lake anali Walt Disney, ndipo Mickey Mouse anabwela patapita zaka 8.

Boma nalo linaona kuti mpata wosinthila mpukutu ndi mpata wokamba ndi dziko. America italowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1917, komiti ya George Creel inakonza gulu la anthu odzipeleka pafupi-fupi 75,000 ochedwa Four Minute Men. Kagalasi kanali kuwala pa cinsalu kuchula dzina la wolankhula ndi kunena kuti watumidwa ndi boma; iye n'kuimilila, mphindi 4 cabe, kulimbikitsa anthu kukongoza boma ndalama za nkhondo kapena kusamala cakudya. Ndipo panali magalasi a mwadzidzidzi amene sanacokele ku fakitale iliyonse. Wa pa makina anali kudetsa galasi ndi mwaye, n'kukanda uthenga ndi nsonga ya singano: dokotala wakuti afunidwa panja, zotsatila za masankho zafika. Otele anali kupukutidwa usiku womwewo.

Mdani wa kagalasi anali trailer, kafilimu kakafupi kolengeza filimu inzake. Ca m'ma 1920 kampani ya National Screen Service inayamba kupangila ma trailer makampani akulu-akulu, ndipo maholo a m'mizinda anayamba kusiya galasi. Koma silinafe msanga. Trailer inali yodula, kagalasi kochipa, motelo maholo a m'matauni aang'ono anapitiliza nako zaka zambili mafilimu atayamba kale kulankhula. Pothela pake timagalasi tinatsala m'mabokosi a matabwa, m'zipinda za makina, m'madenga, ndipo tina tinatulukila pamene maholo akale anali kugwetsedwa.

Poyamba n'zodabwitsa kuti cinthu cosweka ndico cinakhalitsa, koma cifukwa cake sicovuta. Filimu inali ya kampani. Holo ikamaliza kuonetsa, mpukutu unali kubwezedwa, ndipo mipukutu yonse inali kukathela m'nyumba zocepa zosungilamo, mmene moto umodzi kapena lamulo limodzi la bwana linali kukwanila kufafaniza nchito ya zaka 20. Timagalasi tinamwazikana m'matauni masauzande, palibe bwana amene akanatha kutiitana tonse. Galasi siliwola, siliyaka lokha, ndipo siliva wake ndi wocepa moti sanakope ocotsa siliva aja. Linapulumuka cifukwa copeputsidwa.

Osonkhanitsa alipo a mitundu-mitundu. Ena ali m'magulu monga Magic Lantern Society ya ku Britain, imene inayamba mu 1976, ndipo amakonda makina ndi magalasi a mtundu uliwonse. Ena ndi okonda maposita amene mitengo inawathamangitsa. Mu 2014 posita imodzi ya London After Midnight, filimu ya Lon Chaney ya mu 1927 imene kope lake lothela linapsa m'moto wa ku MGM mu 1965, inagulitsidwa madola 478,000. Poyelekeza ndi mitengo yotele, galasi ndi la amphawi. Mtengo wake umatsatila dzina: Charlie Chaplin, Buster Keaton, Rudolph Valentino, mafilimu oopsa, mafilimu otayika. Wogula wodziwa amayamba wayang'ana mng'alu. Ngati uli pa galasi lovundikila, limenelo lingasinthidwe. Ngati uli pa galasi la cithunzi, kwatha. Amayang'ananso nkhungu, utoto wosuluka, pepala la m'mbali ngati ndi loyamba lija, ndi dzina la wopanga.

Apa m'pamene msika ndi mbili zimasiyana njila. Galasi la Chaplin ndi lodula, koma silitiuza catsopano: mafilimu ake pafupi-fupi onse alipo, ndipo mabuku okamba za iye ndi osawelengeka. Galasi la wogulitsa nyama wa m'katauni ka ku Kansas silikopa ogula ambili, koma lingakhale cinthu cokhaco pa dziko lonse cimene cisunga dzina lake, msewu wake, ndi mawu amene anasankha poitana makasitomala. Ndikanakhala ndi ndalama ya galasi limodzi, ndikanatenga la wanyama.

Kusunga nako kuli ndi vuto lake. Kagalasi kanapangidwa kuti kaonekele pa cinsalu cacikulu, kuwala kukudutsa mu utoto, ndipo kukongola kwake kweni-kweni kuli pamenepo. Koma nyale za makina akale zinali zotentha moti galasi likakhalitsa m'makina linali kung'aluka, ndipo kuwala kwamphamvu kumadya utoto pang'ono-pang'ono. Nthawi iliyonse imene mwini alionetsa, amadya nawo moyo wake. Ambili lelo amaliika pa nyale yozizila ya LED, n'kulijambula bwino kamodzi, anthu n'kumaona cithunzico, galasi leni-leni n'kuliimika m'bokosi la timipata pa malo ouma. Madzi ndiwo oopsa. Akalowa pakati pa magalasi awili aja, cithunzi cimafufuma n'kumatuka, ndipo amene anati atsuke fumbi amapeza nkhope ya zaka 100 ili pa kansalu.

Tisaiwale kuti mboni imeneyi ndi ya malonda, ndipo wamalonda sanalumbile kukamba zoona. Theda Bara yemwe uja, a Fox anauza dziko kuti anabadwila ku Egypt mu mthunzi wa Sphinx. Zoona zake anali Theodosia Goodman wa ku Cincinnati, mwana wa telala. Kagalasi kangakulitse zimene m'filimu zinali zazing'ono, ndipo mtundu wa dilesi unasankhidwa ndi wopaka amene mwina filimuyo sanaione n'komwe. Wolemba mbili wosamala amaika galasi pambali pa nyuzipepala za nthawiyo, zithunzi za ku studio ndi mapepala a kampani, n'kuona pamene zigwilizana. Mu 2002 Rick Schmidlin anamanganso London After Midnight ndi zithunzi zosayenda zimene zinatsala, motsatila nkhani yake yolembedwa. Mungatsatile amene analowa ndi amene anafa, koma mayendedwe a Lon Chaney, amene anthu analipilila, mulibe.

Pali mbali ina imene wowelenga wakuda sangailumphe. M'mabokosi a osonkhanitsa muli magalasi a nyimbo ndi a malonda oonetsa munthu wakuda monga citsilu ca milomo yaikulu, kapena mzungu wodzipaka makala kumaso. Awa anawala pa cinsalu comweco ndi olengeza sopo, anthu n'kuseka, m'dziko mmene maholo ambili anali kuika akuda m'mwamba kumbuyo kapena kuwabweza pa khomo. Kuwaswa kungathandize amene afuna kukana kuti zinacitika. Koma kuwagula monga tokongoletsa pa shelufu ndi nkhani inanso. Malo awo ndi kumene angaonetsedwe pali munthu wofotokoza. Onaninso amene anasungidwa ndi amene anatayika. The Birth of a Nation ya D. W. Griffith ya mu 1915, yotamanda Ku Klux Klan, ilipo yathunthu. Oscar Micheaux, munthu wakuda amene anapanga mafilimu opanda mawu oposa 20, akuyenda yekha holo ndi holo kuwatsatsa, ake atsala atatu cabe. Yake yoyamba, The Homesteader ya mu 1919, inatayika. Within Our Gates ya mu 1920 inapulumuka cifukwa kope limodzi linapezeka ku Spain lili ndi dzina lina, La Negra. Pa mafilimu a akuda a nthawi imeneyo, kapepala kalikonse kolengeza, posita kapena kagalasi, n'kolemela kuposa mtengo wake wa pamsika.

Ndiye funso lakuti asunge ndani si laling'ono. Osonkhanitsa anatola zimene nyumba za boma sizinali kufuna, ndipo popanda iwo mabokosi ambili akanatayidwa pamodzi ndi njelwa za maholo ogwetsedwa. Koma wosonkhanitsa amafa, ndipo ana ake sadziwa kuti cibokosi colema ca pansi pa bedi n'ca ciani. Bokosi likagulitsidwa galasi limodzi-limodzi, ili kupita kum'mawa, linzake kumadzulo, umboni wakuti anali pamodzi umatha, ndipo sitingadziwenso kuti holo imodzi inaonetsa ciani mlungu ndi mlungu, kapena kuti ndi masitolo ati amene anali mu msewu umodzi. Zina zimacita mwayi. Bill Douglas, wopanga mafilimu wa ku Scotland, ndi mnzake Peter Jewell anasonkhanitsa kwa zaka zambili zinthu za baisikopo ndi za magic lantern. Douglas atamwalila mu 1991, katunduyo anapelekedwa ku yunivesite ya Exeter, ndipo nyumba yoonetsela inatsegulidwa mu 1997. Laibulale ya mzinda wa Cleveland nayo imasunga magalasi olengeza mafilimu m'gulu lochedwa ndi dzina la W. Ward Marsh, amene anali kulemba za mafilimu mu nyuzipepala ya Plain Dealer. Zithunzi zake zili pa intaneti, moti mungazione pa foni muli ku Kanyama kapena ku Chimwemwe, bundle ikalola.

Mukapeza galasi lotele, yang'anani m'munsi. Wofuna langwilo angakonde la kampata koyela, losalembedwapo. Ine ndimafuna lodetsedwa. Nkhope ya Mary Pickford inacokela ku fakitale, yofanana pa magalasi mazana. Malemba opotoka a m'munsi ndi dzanja la munthu mmodzi wa m'tauni imodzi, ali m'kacipinda kotentha kodzala filimu yosacedwa kuyaka, akulemba mofulumila mpukutu usanathe. Pena zilembo zimayamba zazikulu n'kucepa kumapeto, malo atam'thela. Pena pansi pa Cisanu pamaoneka mthunzi wa Ciwili cimene anafufuta ndi cala: mwina sitima yobweletsa filimu inacedwa, mwina galasilo linagwila kale nchito ku holo ya tauni yoyandikana.